Nyenyezi Ikabisika Kuseri kwa Mwala wa M'mlengalenga

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale ku Dedza, ndipo tili ndi telesikopu yaing'ono imene timaonera mwezi ndi ophunzira. Posachedwapa ndinapeza mapu osonyeza kuti mwala wina wa m'mlengalenga udzaphimba nyenyezi, ndipo mizere ya pamapupo inadutsa kufupi ndi kwathu kuno. Tinachezera kudikira, koma nyenyeziyo sinazime. Kodi akatswiri analakwitsa, kapena ndife amene sitinamvetse mapuwo?

YANKHO: Aphunzitsi, n'kutheka ndithu kuti palibe amene analakwitsa. Mapu amenewa amasonyeza njira imene mthunzi udzadutse padziko, ndipo mthunziwo ndi wopapatiza kwambiri. Kadamsana wa mwezi amaonekera pafupifupi theka la dziko lonse nthawi imodzi, koma mwala ukadutsa kutsogolo kwa nyenyezi, mthunzi wake umakhala wofanana kukula ndi mwalawo, chifukwa nyenyezi zili kutali zedi. Yambiri mwa miyalayi, imene akatswiri amaitcha ma asteroid, imazungulira dzuwa pakati pa Mars ndi Jupiter. Ngati mwala uli wa makilomita 50 m'mimba mwake, munthu wa ku Lilongwe akhoza kuona nyenyezi ikuzima pamene inu ku Dedza, mtunda wa makilomita pafupifupi 85, mukuiona ikuwala monga mwa masiku onse.

Mzere wa pakati pamapu ndi pamene akuyembekeza kuti pakati pa mthunzi padzadutsa, ndipo mizere iwiri ya m'mbali mwake ndi malire a mthunziwo. Kunja kwa imeneyi kumakhala mizere ina iwiri imene anthu ambiri saisamala, koma kwa ine ndiyo yofunika kuposa yonse. Imeneyi imatchedwa malire a sigma, ndipo ndi njira imene owerengetsera amavomerezera kuti mthunzi ukhoza kusendera mbali ina. Pa maulendo 100 alionse, pafupifupi 68 mthunzi susendera kupyola mizere imeneyi, koma pa maulendo otsalawo umapyola. Mukaona kuti mizereyi yatalikirana kwambiri ndi malire a mthunzi weniweniwo, dziwani kuti ngakhale woima pa mzere wa pakati alibe chitsimikizo.

Chimene chimabweretsa kukayikiraku n'chakuti owerengetsera ayenera kudziwa zinthu ziwiri mosaphonya: malo enieni a nyenyezi, ndi njira imene mwalawo ukuyenda. Kale zonse ziwiri zinali zovuta. Zinthu zinasintha pamene bungwe la European Space Agency linatumiza m'mlengalenga chombo cha Gaia mu December 2013, chimene chinayeza malo a nyenyezi zoposa 1 biliyoni. Masiku ano vuto latsala kwambiri kumbali ya mwala, makamaka miyala ing'onoing'ono kapena yakutali imene njira yake sinalondoledwe kwa zaka zambiri.

Komabe, musanaweruze kuti mthunzi unakuphonyani, bwererani ku manambala olembedwa pambali pa mapu. Nthawi imalembedwa mu UT (Universal Time, nthawi imodzi yoyendera dziko lonse), ndipo ku Malawi timawonjezera maola 2, moti 23:10 UT pa 14 ndi 1:10 usiku wolowa pa 15. Ambiri amaphonya pa tsiku penipenipo. Kutalika kwa nthawi ya kuzima kwa nyenyezi kumene amalemba ndi kwa munthu woima pakati pa mthunzi, ndipo kawirikawiri sikupitirira masekondi owerengeka. Amene ali m'mphepete akhoza kupeza sekondi imodzi yokha, yomwe imatha munthu akungophethira. Palinso nambala yosonyeza mmene kuwala kudzachepere, imene amayeza mu magnitude. Kuchepa kwa magnitude 5 ndiye kuti kuwala kwatsika kuwirikiza 100 ndipo nyenyezi imaoneka ngati yazimiratu, koma kukakhala kosafika theka la magnitude imodzi, diso silikuzindikira popanda kamera. Pa 12 December 2023 mwala wa Leona unadutsa kutsogolo kwa Betelgeuse, nyenyezi yofiirira ya m'gulu la Orion, ndipo oonera kumwera kwa Ulaya anaiona ikungozilala pang'ono, chifukwa nyenyeziyo ndi yaikulu kwambiri moti mwalawo sunaikwanire bwinobwino. Ndiwonjezere kuti nyenyezi zosawala kwambiri zimafanana mu telesikopu, choncho ndi bwino kuipeza nyenyeziyo usiku umodzi kapena uwiri tsikulo lisanafike.

Ngati zonsezi munazichita bwino, usiku wanu sunapite pachabe, ndipo pano ndikufuna mundimvetse. Woonera aliyense amene waona nyenyezi ikuzima amayeza mzere umodzi wodutsa pamwalawo, ndipo mizere ya anthu oima malo osiyanasiyana ikaikidwa pamodzi imajambula maonekedwe ake. Amene sanaone kanthu amasonyeza pamene mwalawo sukufika, ndiye kuti amaika malire. Pa 3 June 2017 magulu a akatswiri anafola ndi matelesikopu ku South Africa ndi ku Argentina kudikira kanthu kakutali kamene tsopano kamatchedwa Arrokoth, koma palibe anaona nyenyezi ikuzima. Owerengetsera anakonzanso masamu awo, ndipo pa 17 July chaka chomwecho matelesikopu 5 ku Patagonia, kumwera kwa Argentina, anaugwira mthunziwo. Mizere yawo inasonyeza chinthu chonga mibulu iwiri yolumikizana, ndipo chombo cha New Horizons chitadutsa pafupi pa 1 January 2019, zithunzi zake zinatsimikiza zimenezo. Ndi njira yomweyinso imene akatswiri anatulukira nayo kuti Chariklo, mwala wakutali wa makilomita pafupifupi 250 m'mimba mwake, ali ndi mikombero iwiri yomuzungulira, pamene anaphimba nyenyezi pa 3 June 2013.

Lembani tsono malo enieni amene munaima pogwiritsa ntchito GPS ya pafoni, nthawi imene munayamba ndi kusiya kuyang'ana, kukula kwa telesikopu yanu, ndi mmene kumwamba kunalili. Tumizani zimenezi ku International Occultation Timing Association, bungwe limene limasonkhanitsa malipoti otere, ndipo munene momveka kuti nyenyezi sinazime. Ulendo wotsatira sankhani nyenyezi yowala bwino, mwala waukulu, ndi mapu amene mizere yake ya sigma yayandikana ndi malire a mthunzi.