Mawaya a m'kati mwa panelo ya makina ali ndi malamulo akeake

Wowerenga wina wa ku Kasungu, mmisiri wa zamagetsi, wanditumizira imelo. Wapatsidwa ntchito yokonzanso panelo ya makina ogaya ndi kupakira ufa omwe anagulidwa atagwirapo kale ntchito, ndipo atatsegula bokosilo wapeza mawaya olumikiza ndi tepi, mitundu ili pwirikiti. Akufunsa kuti: kodi malamulo oyikira mawaya m'nyumba ndi omwewo a m'kati mwa bokosi la makina?

Ayi achimwene, si omwewo. Malamulo a m'nyumba, monga BS 7671, amakuperekezani mpaka pomwe kebulo yalowera m'makina. Kuyambira pamenepo wolamula ndi IEC 60204-1, malamulo a m'mayiko ambiri okhudza magetsi a makina. Ngati makinawo anachokera ku America, omwe anawapanga mwina ankatsata NFPA 79, malamulo a kumeneko okhudza magetsi a makina, ndipo onani kaye chikwangwani chake: mafakitale ambiri kumeneko amayendera 480V pa 60Hz, pamene ESCOM imatipatsa 400V pa 50Hz.

Yambani ndi isolator, swichi yaikulu yodula magetsi olowa m'makina. Ikhale yoti ikazimitsidwa mutha kuikhoma ndi loko, chogwirira chake chikhale pakati pa mamita 0.6 ndi 1.9 kuchokera pomwe munthu waima. Amene walowetsa manja m'makina kiyi akhale m'thumba mwake.

Tsono pa mitundu ndipamene ndikufuna mukhazikike, chifukwa apa pali moyo wa munthu. Wobiriwira wosakaniza ndi chikasu ndi wa earth basi, musaupatse ntchito ina ngakhale waya atakutherani. Wabuluu wowala ndi neutral. Malamulo a IEC 60204-1 amalangizanso kuti wakuda ukhale wa mphamvu yopita ku mota, wofiira wa control (mawaya oyatsira ndi kuzimitsira makina) ya AC, wabuluu wa control ya DC. Ndiye pali wa olenji. Umenewu umatanthauza kuti waya uyu amakhalabe ndi moto ngakhale isolator yazimitsidwa, chifukwa akudyera kwina, mwina ku panelo ya makina oyandikana nawo. Taganizani mnzanu wazimitsa, wakhoma loko, wavula magolovesi mtima uli m'malo, n'kugwira terminal (pomangira nsonga ya waya) yomwe inu munaikapo waya wakuda pomwe panayenera olenji. Zimandiwawa kuona amisiri akunena kuti mtundu ndi zokongoletsa chabe. Pambali pa isolator muikenso chenjezo lolembedwa loti muli mawaya otsala ndi moto.

Tepi ija ichoke yonse. Waya ayende kuchoka pa terminal kukafika pa terminal ina wopanda mfundo pakati, ndipo nsonga zonse ziwiri zikhale ndi nambala yofanana ndi ya pa chojambula cha makinawo. Ngati chojambula chinatayika, jambulani china musiye m'thumba la kuchitseko. Musapanikize mawaya awiri pa terminal yopangidwira mmodzi. Makamaka earth: waya aliyense pa terminal yakeyake, kuti wina akamasula umodzi asadule chitetezo cha zinthu zina.

Chitseko cha panelo anthu amachiiwala. Ngati pali mabatani ndi timagetsi, chikhale ndi waya wakewake wa earth wofewa, wochoka kuchitseko kupita ku bokosi. Mahinji osawadalira, dzimbiri ndi penti zimatseka njira ya moto pamenepo. Mawaya owolokera kuchitseko akhalenso ofewa, omangidwa mbali zonse, kuti asathyoke ndi kutsegulatsegula.

Makina anuwo ali ndi ma starter (zoyatsira mota) angapo, choncho control idyere pa transifoma yakeyake, osati kungotapa pa phase ndi neutral. Mawaya a 24V ndi a 400V akadutsa mu trunking (ngalande yodutsamo mawaya) imodzi, onse akhale ndi chikopa chopirira 400V, apo ayi alekanitsidwe. Ngati muli VSD, chida chosinthira liwiro la mota, dziwani kuti ma capacitor ake (tizida tosunga magetsi) amasunga moto mutazimitsa. Lamulo limafuna kuti utsike kufika 60V pa masekondi 5, ndipo zikakanika pakhale chenjezo lonena nthawi yodikira. Yezani ndi mita musanagwire.

Pomaliza fumbi la ufa. Limalowa paliponse, limaunjikana pa contactor (swichi yoyendera magetsi yoyatsa mota), likanyowa ndi chinyezi limadutsitsa moto. Bokosi la IP54 (IP ndi mulingo wa momwe bokosi limatchingira fumbi ndi madzi) ndiye poyambira, koma pafupi ndi chigayo ndingasankhe IP65. Kebulo iliyonse ilowe ndi gland (chomangira chotseka bowo lolowera kebulo) yoyenera kukula kwake, mabowo otsala atsekedwe ndi zotsekera zake, ndipo labala wa m'mphepete mwa chitseko akauma musinthe.