Kodi mafuta a azitona oyengedwa pamphero ndiwo abwino koposa?

Mmodzi mwa owerenga watumiza imelo yofunsa kuti: mafuta a azitona amene alimi a ku Italy ankayenga kale pamphero ya mwala, kodi sanali abwino kuposa a m'makina a masiku ano? Zikomo pofunsa. Kawirikawiri sanali abwino ayi, koma mlandu suli pa mwalawo. Uli pa masiku amene zipatso zinkakhala zisanaperedwe.

Titenge dera la Salento, kummwera kwa chigawo cha Puglia ku Italy. Kumeneko famu yakale imatchedwa masseria: nyumba ya miyala yokhala ndi mpanda, makola ndi mosungira zokolola. Mafuta ankayengera pansi pa nthaka, m'mapanga osemedwa m'thanthwe, chifukwa kukazizira mafutawa amalimba n'kukana kutuluka, pomwe m'phanga mumakhala mofunda usana ndi usiku. Amuna ankalowamo kukolola kukayamba, cha mu Novembala, n'kumadya ndi kugona momwemo kwa miyezi ingapo, pamodzi ndi bulu womangidwa nsalu m'maso amene ankazunguza mphero.

Mpheroyo inkaphwanya zipatso ndi nthanga zomwe mpaka zisanduke phala. Phalalo ankaliyala pa timikeka tozungulira toluka, totchedwa fiscoli, n'kutisanjikiza pansi pa chopanira chamtengo chimene ankachipotokola ngati bawuti. Mafuta ndi madzi a m'zipatso zinkatsikira limodzi m'dzenje, ndipo kapitawo, amene ankamutchula nachiro, ankayengula mafuta pamwamba ndi mbale yosazama. Luso linali pamenepa: akamiza mbale kwambiri atunga madzi owawa, akachita mantha asiya mafuta. Zotsala ankazithira madzi otentha n'kuzifinyanso, mafuta achiwiriwo n'kukhala otsika.

Zinthu zinkalakwika mphero isanazungulire n'komwe. Zipatso zambiri ankazitola pansi zitagwa zokha, zina zitaboweka ndi mphutsi za ntchentche ya azitona. Ankazikhuthulira m'phanga kudzera pabowo la pamwamba, n'kukhala zili mulu kwa masabata kudikira mphero imodzi yokhayo. Mulu wotero umatentha m'kati, umasasa, umachita chuku, ndipo asidi m'mafuta amakwera. Timikeka nato tinkasunga fungo la phala ladzana n'kulipatsira latsopano. N'chifukwa chake mafuta ambiri a ku Salento anali lampante, kutanthauza a munyale. M'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 doko la Gallipoli linkawatumiza pa zombo ku London ndi mizinda ina ya kumpoto kwa Ulaya kuti akayatsire nyale, akapangire sopo ndi kufewetsera ubweya wa nkhosa.

Lero malamulo a European Union amati mafuta apamwamba kwambiri, otchedwa extra virgin, asidi wake asapose 0.8 peresenti, ndipo akaposa 2 peresenti ndi lampante, saloledwa kugulitsidwa ngati chakudya asanayeretsedwe. Mlimi wosamala amathyola mumtengo, kugwetsera pa ukonde, n'kukapera pasanathe maola 24. Phala amalivundula pang'onopang'ono kwa mphindi pafupifupi 30, kutentha kusafike madigiri 27 Celsius, kuti timadontho ta mafuta tigwirizane. Makilogalamu 100 a zipatso amapereka mafuta okwana malita pakati pa 12 ndi 20. Zipatso zobiriwira zimatulutsa ochepa, koma ndi amene amawawa pang'ono n'kumayabwa kukhosi, ndipo amakhalitsa osawonongeka.

Sindikunyoza anthu a m'mapangawo. Ntchito yawo inali yowawa, ndipo mitengo imene ankasamalira yakhala zaka mazanamazana. Zimandipweteka kuti kachilombo ka Xylella fastidiosa, kamene kanapezeka pafupi ndi Gallipoli mu 2013, kaumitsa mitengo mamiliyoni, makamaka ya mitundu yakale ya Ogliarola ndi Cellina di Nardò.

Inu mukamagula, chithunzi cha mphero pabotolo chisakukopeni. Yang'anani chaka chimene zipatso zinakololedwa, sankhani botolo lakuda kapena chitini, ndipo kunyumba muziika kutali ndi moto komanso dzuwa, mutatseka bwino.