Funsani Akatswiri: Nyimbo za mapemphero a Chiyuda pa vayolini ndi kiyibodi

Funso: Ndimaliza kiyibodi kutchalitchi ndipo mnzanga amaliza vayolini. Tikuphunzira Baal Shem ya Ernest Bloch, koma ikungomveka ngati nyimbo za kwaya yathu. Tikuphonya pati? Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe

Yankho: Vuto lanu lili m'khutu. Bloch analemba Baal Shem mu 1923 potengera mayimbidwe a Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya, ndipo ili ndi zigawo zitatu: Vidui, Nigun ndi Simchas Torah. M'masunagoge awo mumamveka kwambiri sikelo (mndandanda wa manotsi) iyi: E, F, G#, A, B, C, D. Kuchoka pa F kufika pa G# mumadumpha makiyi awiri, F# ndi G. Khutu lozolowera nyimbo za m'buku limakana mpata waukulu chonchi, ndiye chala cha wavayolini chimatsitsa G# mosadziwa. Kukoma konse kumathera pomwepo.

Gwirani E pa kiyibodi osaisiya, mnzanuyo azikwera ndi kutsika pang'onopang'ono, F atayandikira E, G# atayandikira A. Mphindi 10 tsiku lililonse zikwana.

Kachiwiri, zimitsani ng'oma za kiyibodi. Vayolini pano ikutsanzira wotsogolera mapemphero, amene amakoka mawu ena, kuthamangitsa ena, n'kupuma pomwe chiganizo chathera. Inu muziyang'ana uta wa mnzanuyo, musamukokere ku liwiro lanu. Sankhani mawu a piyano okha, transpose (batani lokweza kapena kutsitsa kiyi) ikhale pa 0, A wa vayolini achunidwe ndi A wanu, ndipo pedo (chopondera chotalikitsa mawu) muziisiya chord (manotsi olizidwa pamodzi) ikasintha, apo ayi mawu amasakanikirana.

Yambani ndi Vidui, pemphero lolapa machimo, chifukwa ndi lalifupi komanso lodekha. Ambiri amathamangira Nigun poti ndi yotchuka, koma imafuna kuliza nsambo ziwiri nthawi imodzi, ndipo wophunzira amangopweteka nayo dzanja.

Funso: Kodi Max Bruch, mlembi wa nyimbo ya Kol Nidrei, anali Myuda? Wowerenga wa ku Kawale

Yankho: Ayi, anali Mkhristu wa ku Germany. Anailemba mu 1880, ya cello (chida chonga vayolini koma chachikulu) ndi gulu lalikulu la oliza zida zoyimbira, pogwiritsa ntchito chuni chomwe Ayuda amayimba madzulo oyamba a Yom Kippur, Tsiku la Chitetezo lotchulidwa pa Levitiko 16. Ilipo ina yokonzedwera cello ndi piyano basi, yomwe anthu awiri angaikwanitse.