Mwana wanga sakusiya kabuku ka Spider-Man, kodi si za ufiti izi?

Mayi wina wa ku Chinamwali wandilembera imelo. Akuti mwana wawo wa Sitandade 7 anagula kabuku ka zithunzi ka Spider-Man kwa ogulitsa mabuku akale mumsika wa Zomba, ndiye akumangokhalira komweko. Iwo atakatsegula anangoona munthu wobisa nkhope akukwawa pakhoma ngati buluzi. Akufunsa ngati si za ufiti, komanso ngati sizimusokoneza sukulu.

Mayi, nkhawa yanu ndaimva, koma kabukuko musakawotche.

Nkhani ya Spider-Man inayamba mu 1962 ku America, wolemba anali Stan Lee, wojambula Steve Ditko. Wobisa nkhopeyo ndi Peter Parker, mnyamata wapasukulu, mwana wamasiye woleredwa ndi abambo ake aakulu a Ben ndi akazi awo a May. Mphamvuzo sanakatenge kwa sing'anga. Analumidwa ndi kangaude pa chionetsero cha sayansi, ndipo ulusi amaponyawo anachita kupanga yekha, poti mutu wake umagwira.

Pamene pamandikhudza ine ndi apa. Atapeza mphamvu, Peter anayamba kuzionetsa pa TV kuti apate ndalama. Tsiku lina wakuba anamudutsa pafupi akuthawa, iye n'kungomuyang'ana, akuti kugwira akuba si ntchito yake. Wakuba yemweyo ndi amene anadzapha a Ben. Kuchokera pamenepo mnyamatayo amasenza chisoni chimenechi, a May akudwaladwala, ndalama pakhomo palibe, iye n'kumagulitsa zithunzi ku nyuzipepala ya Daily Bugle kuti athandize. Ndi ana angati ku Matawale kapena ku Chikanda amene akukula chonchi, m'manja mwa agogo kapena azakhali, kusukulu m'mawa, masana kukasaka ya ndiwo? Mwana wanu mwina akuonamo anzake a m'kalasi.

Za sukulu, Chingerezi chimene akulimbana nacho m'kabukumo chidzamuthandiza pa mayeso a Sitandade 8.

Komabe si kabuku kalikonse koyenera mwana. Ena ndewu zake n'zamagazi. Yang'anani pachikuto: a Marvel, kampani yosindikiza timabukuti, amalembapo zizindikiro za msinkhu wa owerenga monga T, T+ kapena Parental Advisory, ndipo kabuku kolembedwa Parental Advisory musamulole kuwerenga.

Madzulo ano mukamaotha moto, muuzeni akufotokozereni m'Chichewa zimene wawerenga, ndipo mumufunse chifukwa chake Peter sanamugwire wakuba uja.