Funsani Dokotala: Kodi yoga ingandibwezere tulo ndikaweruka naiti?

Funso: Adokotala, ndine namwino pa chipatala china kuno ku Zomba. Ndikaweruka naiti thupi limakhala litatheratu, koma ndikangofika pabedi tulo tonse balala! Mapazi amatupa, maganizo amangoyendayenda m'wodi. Ndinkamwa Piriton koma pano sakugwiranso. Mnzanga akuti ndiyese yoga, masewera otambasula thupi ndi kupuma modekha. Imathandizadi? Namwino, Chinamwali.

Yankho: Mayi, imathandiza, koma imangogwira mbali imodzi ya vuto lanu. Mukachoka m'wodi thupi limakhala likadali tcheru, mtima ukugunda msanga, minofu ili yokungika. Kupuma modekha, makamaka kutulutsa mpweya motalikitsa, kumatsitsa kugunda kwa mtima, ndipo apa m'pamene yoga imathandiza. Chimene singathe ndi kusintha wotchi ya m'thupi. Ubongo umatulutsa melatonin, mchere wa m'thupi wobweretsa tulo, kukada, ndipo dzuwa limene limakuwombani popita kunyumba m'mawa limamuletsa kutuluka.

Mukasamba, yalani mphasa kapena bulangeti m'mbali mwa khoma. Gonani chagada, matako pafupi ndi khoma, miyendo muikweze itsamire kukhomako, kwa mphindi 5 mpaka 10. Mapazi otupa aja amapepukiranso pomwepo. Kumbuyo kwa ntchafu kukamakoka, sunthirani matako patali pang'ono, maondo apindike. Ambiri amakakamiza miyendo kuti iwongoke, n'kudzuka msana ukuwawa. Muli choncho, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani mukuwerenga mpaka 6 kapena 8. Dzanja likhale pamimba, ndipo yokwera ikhale mimba, osati chifuwa. Mukamva chizungulire ndiye kuti mukupuma mopyola muyeso, chepetsani.

Kenako gwadani, khalani pa zidendene, weramani mpaka chipumi chigunde pilo, mphindi 2. Malizirani pabedi, pilo pansi pa maondo, mukumasula chiwalo ndi chiwalo kuyambira zala zakuphazi mpaka nsagwada. Kukakhala chiperoni fundani kaye, thupi lozizidwa silimasuka.

Mavidiyo a yoga a pa YouTube muziwasankha. Yoga yotulutsa thukuta komanso kupuma kofulumira kotchedwa kapalabhati zimadzutsa thupi, si za pogona ayi. Amene ali ndi matenda a maso otchedwa glaucoma kapena BP yokana kutsika asakweze miyendo asanaonane ndi dokotala, ndipo woyembekezera, pakati pakakula, azigona cham'mbali. Ena amakayika za chipembedzo poti yoga inachokera ku India; zimene ndafotokozazi ndi kutambasula thupi ndi kupuma basi.

Tsono wotchi ija. Valani magalasi akuda pochoka kuntchito, zenera litchingeni ndi bulangeti lochindikala, foni ikhale patali. Caffeine, wochotsa tulo uja wa mu khofi, tiyi kapena Coca-Cola, amatenga pafupifupi maola 5 kuti theka lake lichoke m'magazi, ndiye kapu ya 4 koloko m'bandakucha imakhala ikugwirabe ntchito 9 koloko. Lekezani kumwa kutatsala maola 6 kuti mugone.

Piriton thupi limamuzolowera msanga, n'chifukwa chake wasiya kugwira. Musalumphire ku mapiritsi ogonetsa a diazepam, amavuta kusiya. Ngati mukusowa tulo masiku 3 pa sabata kwa miyezi 3, kapena palibenso chokusangalatsani, kapena mukuonda mtima ukuthamanga, kapena akunyumba akuti mumaliza nkonono n'kumabanika, pitani akakupimeni. Mwina ndi matenda okhumudwa, chithokomiro kapena sleep apnoea (kubanika m'tulo), ndipo amenewa ali ndi chithandizo chawochawo.