Mwana wanga akulemba za ziboliboli za mafumu a ku France, kodi si kutaya fizi?

Mayi wina wandilembera kuti mwana wake wamkazi, yemwe akuphunzira mbiri yakale ku yunivesite, wapatsidwa ntchito yolemba za ziboliboli za mutu ndi mapewa za olamulira a ku France. Akuda nkhawa kuti fizi yomwe akuikhetsera thukuta ikuthera pa zopanda pake.

Mayi, mtima ukhale m'malo. Mutuwu ndi wabwino, bola mwanayo asamangosirira kukongola kwa zosemazo. Pa chiboliboli chilichonse azifunsa kuti anachilipira ndani, anachiika pati, ndipo amafuna kuti wochiona aganize chiyani.

Ayambe ndi cha mfumu Louis XIV, chomwe Gian Lorenzo Bernini wa ku Italy anasema pa mwala wa mabo mu 1665, ndipo lero chili ku nyumba yachifumu ya Versailles, kufupi ndi Paris. Achiyang'anitsitse: tsitsi lalitali lopotanapotana, chovala chachitsulo cha kunkhondo, nsalu youluka ngati kukuwomba mphepo, maso oyang'ana kumbali patali, osati kwa munthu amene waima patsogolo pake. Mfumuyi inali isanakwanitse zaka 30. Ili mwana inaona akuluakulu akuukira boma pa chipolowe cha Fronde, kuyambira 1648 mpaka 1653, ndipo inayamba kulamulira yokha mu 1661, nduna yake Mazarin itamwalira. Mwalawo unkauza akuluakulu aja kuti mnyamata uja tsopano ndi wosafikirika.

Kwa ine, nkhani yokoma kwambiri ndi ya Napoleon, chifukwa iye analibe magazi achifumu. Anabadwira ku Corsica mu 1769 ndipo anadziveka yekha chisoti cha ufumu mu 1804. Poti panalibe agogo oti awaloze, anabwereka ulemu kwa Aroma akale. Antoine-Denis Chaudet anamusema ngati Kaisara, tsitsi lalifupi, nkhope yosamwetulira. Ku Carrara, dera la ku Italy lomwe ankayang'anira Elisa, mlongo wake wa Napoleon, amisiri anasema zambirimbiri zofanana nacho kuti nkhope yomweyo ifike kutali. Mwanayo akaonetsa kusiyana kwa Louis XIV ndi Napoleon, wina kukumbutsa anthu za ufumu wobadwa nawo, wina kudzipangira woti sanabadwe nawo, ndiye kuti wayankha funso.

Asaiwale mbali ya anthu wamba. Mu Ogasiti 1792 anthu a ku Paris anagwetsa zosema za mafumu m'mabwalo a mzindawo. Mfumu yomaliza ya France, Napoleon III, itagwa mu 1870, pang'onopang'ono m'maofesi a makhonsolo munayamba kuikidwa chiboliboli cha Marianne, mayi woimira dziko lopanda mfumu.

Za ntchito, sindikunamizani. Malo m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi ochepa kulikonse, ndipo amawalimbirana. Ngati mtima wake uli komweko, ayambe msanga kuphunzira Chifalansa, chifukwa sukulu ngati École du Louvre ya ku Paris, yomwe inakhazikitsidwa mu 1882, imaphunzitsa m'chinenero chimenecho. Adziperekenso kuthandiza kumalo otere pa tchuthi. Koma ngakhale asapite njira imeneyo, luso lofufuza umboni, kukayikira zomwe olamulira amaonetsa, ndi kulemba momveka limafunika pa uphunzitsi, utolankhani ndi kafukufuku. Mumupemphe akufotokozereni nkhani yakeyo m'mawu ake asanakaipereke. Pomwe inu simukumva, akakonze.