Bwanji mafilimu ena achikondi amangotha anthu osagwirana n'dzanja lomwe?

FUNSO: A mkonzi, ine mafilimu achikondi ndimawakonda koma ena amanditopetsa heve. Mwamuna ndi mkazi akufunana aliyense akuona, koma mpakana filimu kutha kumangoyang'anizana basi. Opangawo amasowa nkhani kapena chani? Ndine mayi wokonda kanema.

YANKHO: Mayi, nkhani sasowa ayi, mafilimu amenewa amakamba za maso a anthu, achibale ndi aneba amene amalondera chikondi cha eni ake.

Pena ndi lamulo ndithu. Ku Hollywood kuyambira 1934 mpaka 1968 kunali Hays Code yomwe inkaletsa zambiri zakuchipinda, ndipo ku Iran chichitikireni zosintha boma mu 1979 mwamuna ndi mkazi sakhudzana pa kanema, nde dailekita amangodalira kayang'anidwe ndi kukhala chete.

Koma pena palibe wawaletsa, amachita dala. Filimu ya In the Mood for Love ya dailekita Wong Kar-wai (2000) nkhani yake ili ku Hong Kong mu 1962, aneba awiri atulukira kuti akunyumba kwawo akuzemberana, iwonso ayamba kukondana koma akuopa kufanana nawo komanso pakamwa pa alandilodi. Amangopishanapishana mukakhonde kothina, ndipo nkhope za ozemberanawo simuziona olo kamodzi.

Ine yomwe imandipweteka ndi ya ku Germany ya 1974, Ali: Fear Eats the Soul ya dailekita Fassbinder. Mayi wamasiye wachikulire wogwira ntchito yokolopa akwatiwa ndi mwamuna wa ku Morocco wamng'ono kwa iye, ana ake amukana mpaka mmodzi kuswa TV ndi mateche, wagolosale akana kuwagulitsa, anzake akuntchito amusala pa nthawi ya nkhomaliro. Apa awiriwa amagwirana kwambiri. Nde taonani, anthu aja atayamba kuwasekerera chifukwa chofuna thandizo lawo, mpamene banja liyamba kugwedera, mayi uja nkuyamba kuonetsa anzake minofu ya mwamuna wake ngati katundu wogula. Tsankho lija linali litalowa kale m'nyumba eni ake osadziwa.

Nde mukaoneranso ina yotere musamangodikira kisi, muziona amene waima pawindo kapena pamasitepe akuwayang'anayo. Ikakutopetsanibe zimitsani, sikuti onse ndi abwino, ena amangochedwetsa anthu kugona.